Ng'ombe ya Emmie mu Zithunzi za Eni

Geresomo, wogulitsa ndi kukonza mafoni, anatsegula foni yakale ya Emmie m'sitolo yake, nasuzumira m'kati, kenako anapukusa mutu.

"Mayi, iyi si foninso ayi, ndi dimba. Matope ali umuwa mutha kudzalamo mbatata."

"Sindinabwerere mbatata, bambo. Ndikufuna chithunzi chimodzi basi."

Emmie anali mayi wamasiye wa kwa Katunga. M'mawa womwewo anali ataona ng'ombe yake pa msika wa ng'ombe. Inali Shuga, yomwe inasochera chaka chathacho pamene Shire anasefukira anthu n'kuthamangitsira ziweto kumtunda. Tsopano inali m'manja mwa Anderson, bambo wa kwa Chapananga, ndipo ogula a ku Blantyre ankaizungulira akuipapasa nthiti. Akuluakulu a msika anamuuza kuti abweretse umboni lole yonyamula ng'ombe zogulidwa isananyamuke. Malemu mwamuna wake anaicheka kawiri khutu lakumanzere, koma khutulo linali litadulidwa nsonga yonse. Umboni wotsala unali chithunzi cha m'foni imene inamwa madzi omwewo.

"Munagula pano foniyi?" anafunsa Geresomo.

"Pompano."

"Ndiye musadandaule. Mafoni a pano ndimawaikira bakapu. Mukajambula, chithunzi chimakasungidwanso pa intaneti. Ngakhale foni ife, chithunzi chilipo."

Anatenga foni ina pa shelefu, nalemba imelo ndi pasiwedi osafunsa kanthu. Emmie anadabwa.

"Mwadziwa bwanji zanga?"

"Si zanu nokha, ndi za tonse. Anthu a kuno ukawapatsa pasiwedi, asanakwere n'kabaza yomwe aiwala. Ndiye ndinangotsegula imelo imodzi ya makasitomala anga onse."

Ananena zimenezi monyadira ndithu, ngati munthu amene wakumbira mudzi chitsime.

Zithunzi zinayamba kutsika. Panabwera ukwati wa anthu osawadziwa, khanda lokutidwa m'chitenje, mnyamata ataima pambali pa thirakitala ya nzimbe ngati ndi yake. Wina anajambula chithupsa cha pa mwendo wake mobwerezabwereza. Emmie, ngakhale mtima unali m'mwamba, analephera kuchotsa maso.

"Awa si a mkulu wa mpingo wathu awa? Botolo ali nalo m'manjali n'lachiyani?"

"Mankhwala a chifuwa, mayi. Pitirizani."

Anapitiriza. Anaona anthu ambiri a m'dera lonselo, koma nyumba yake, khola lake ndi mwamuna wake sizinaoneke. Geresomo anayamba kukanda m'mutu.

"Kodi bandulo munkaikamo?"

"Mwana wanga wa ku Joni akafuna kuimba. Tikatha kuyankhula ndinkatseka msanga, ingathe."

"Aa, mayi. Ndiye zithunzi zanu sizinapeze njira. Zinafera momwemu."

Emmie anakhala pa benchi. Zinamupweteka kwambiri kuti kusamala kwake komwe ndiko kunamutayitsa ng'ombe. Chala chokha chinapitiriza kukankha zithunzi, poti chinalibe china chochita. Anafika pa za nthawi ya madzi ija: anthu pa madenga, matenti pa sukulu, chimanga chitagona m'matope. Kenako chalacho chinaima.

Inali ng'ombe yowonda, matope mpaka m'mimba, itaima m'khola la minga. M'khosi munali chingwe chabuluu chopota ndi neti yakale ya udzudzu, chimene Emmie anapota yekha. Anakulitsa chithunzicho. Khutu lakumanzere linali lochekedwa kawiri. Pambali pake panaima Anderson, akumwetulira.

"Nawonso anagula pano?" anafunsa motsitsa mawu.

Geresomo anasuzumira. "A Anderson? Kasitomala wanga weniweni. Bandulo siiwathera amenewo."

Emmie anaonanso zithunzi zotsatira. Anderson akuimwetsa mankhwala ndi botolo. Anderson akuitungira madzi pa chitsime chokumba mumchenga. Shuga itanenepa. Shuga ikunyambita kamwana kofiirira.

Anabwereka foniyo nakwera kabaza. Anapeza lole itatsitsa kale chitseko, ng'ombe zina zikukwera. Akuluakulu a msika anapatsirana foniyo mmodzimmodzi, kenako anaipereka kwa Anderson. Iye anayang'ana nthawi yaitali, napisa dzanja m'thumba, natulutsa foni yake. Anaitembenuza uku ndi uku.

"Foni yanga sinachokepo m'thumba muno. Zatuluka bwanji?"

"Zimenezo mukafunse a Geresomo," anatero Emmie. "Ine ndikufunsa za khutu."

Anderson anavula chipewa. "Linagwa mphutsi, mayi, ndinadula. Inabwera yokha ikudzandira. Ndinadikira mwini wake, osabwera. Chilimwe chonse ndavutika nayo, kwathu kuja vuto la madzi mukulidziwa."

Za mphutsizo Emmie sanazikhulupirire kwenikweni. Koma chitsime cha mumchenga chija anali atachiona ndi maso ake.

"Ndaona mmene munaisamalira. Kamwana kaja katsale kwanu. Mayi wakeyu ndikupita naye."

Anderson anawomba m'manja pang'onopang'ono, nathokoza. Ogula a ku Blantyre anang'ung'udza n'kupita kukayang'ana ng'ombe zina. Popereka chingwe, Anderson anasendera pafupi.

"Mayi, zithunzi zangazo mwaona zonse?"

"Zonse, bambo. Si ine ndekha. Aliyense wogula kwa a Geresomo atha kuziona."

Nkhope ya Anderson inasintha. Anavala chipewa natembenukira njira ya ku sitolo ya Geresomo, koma Emmie anamuitana. Anali atagwira khutu la Shuga, chala chikusisita pamene mwamuna wake anacheka ndi mpeni wake wa m'thumba. Panalibenso kanthu, chipsera chokha.

"Zinazo kafufuteni mmene mungafunire," anatero. "Koma cha khutu chija mundisiyire."