Manja Awiri a Atija

M'mwezi wa Juni nkhungu ya ku Vila Cabral imachedwa kudzuka. Imagona pa bwalo la sukulu mpaka dzuwa litakwera, ndipo zaka zimenezo, Apwitikizi akulamulabe, atsikana ankasewera m'kati mwake ngati anthu a m'maloto. Aphunzitsi awo, Dona Bernadete, anabwera ndi mpira woyera kuchokera ku Beira pamodzi ndi masewera otchedwa volibolo. Ukonde wake unali wakutha, wopemphedwa kwa asodzi a ku Meponda, ndipo ukanyowa ndi mame bwalo lonse linkanunkha usipa.

Atija, mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri, anaukonda mpirawo mpaka kudwala nawo. Akamakumba mbatatesi kwawo ku Chiuaula, ankaona mpira ukutuluka m'nthaka, ukukwera pang'onopang'ono kupitirira mitengo, osatsikanso. Poyambitsa masewera panalibe womuposa. Mwendo wamanzere patsogolo, mpira pa chikhatho, mutu wowerama, nauwomba chapansi ndi chibakera. Mpira unkadumpha ukonde n'kusowa mu nkhungu, kenaka n'kumveka uko wagwa.

Vuto linali pokweza. Pamenepo munthu umayenera kuyang'ana kumwamba, manja pamwamba pa mphumi, n'kuukankha mpira ndi nsonga za zala kuti mnzako aumenye. Koma Atija analeredwa ndi mayi ake, a Mwanamisi, amene mawu awo anali amodzi okha: m'mera mpoyamba. Chimene wakupatsa wamkulu umalandira ndi manja awiri, bondo litapindika, maso ali pansi. Tsono Atija anali wamng'ono mwa onse pa bwalopo, ndiye kuti mpira uliwonse womufika unkachokera kwa wamkulu. Ankaulandira mwaulemu wonse, n'kuufungatira pachifuwa, n'kunyonyomala pang'ono. Ulemu wabwino ndithu, koma mu volibolo n'kulakwa.

"Atija, mwana wanga, mpira si mphatso!" ankatero a Bernadete atagwira m'chiuno. "Ukufuna ukaisunge m'nkhokwe?"

Anzake ankaseka mpaka kukhala pansi. Graça, mtsikana wamtali womenya mpira, ankamuwombera m'manja n'kumati, "Zikomo kwambiri, amayi, mwalandira bwino." Atija ankaseka nawo, koma zinkamupweteka. Mutu wake unkadziwa zoyenera kuchita. Manja ndiwo anali ndi mwambo wawo.

Lolemba aphunzitsi analengeza kuti Loweruka atsikana asanu ndi mmodzi akasewera ku bwalo la m'tauni ndi anzawo a sukulu ina. Malo asanu anali ndi eni ake kale.

"Iwe Atija, Lachisanu ndikuponyera katatu," anatero. "Ukakweza ngakhale kamodzi, wa chisanu ndi chimodzi ndiwe. Ukagwira konse, ukhala kunja. Chaka chino sindikuyesanso."

Lachisanu nkhungu inali yokhuthala moti nsungwi zomangira ukonde sizinkaoneka nsonga zake. Atsikana anaima mozungulira, manja m'khwapa chifukwa cha chisanu, akuwerenga Chipwitikizi.

"Umu!"

Mpira unabwera, Atija anaugwira. Bondo linapindika lokha.

"Doishi!"

Anayesa kukweza manja, koma anangofika pakhosi, mpira n'kukhala m'menemo ngati mwana wa nkhuku.

A Bernadete sanakalipe. Anamuyandikira n'kumuwongola zala zozizirazo chimodzichimodzi. "Tamvera. Amayi ako akakutuma kuti ukapereke moto kwa anansi, umakhala nawo pansi?"

"Iyayi, a Pulofesola. Ungazime."

"Ine sindikukupatsa. Ndikukutuma. Kapereke kwa Graça, ali m'mwambamo."

Atija anapuma. Anamva ngati mfundo yamasuka penapake m'mapewa. Koma potembenuka anaona munthu ataima kumapeto kwa bwalo, dengu la mbatatesi lili pamutu, miyendo itabisika mu nkhungu. Anali mayi Mwanamisi, pa ulendo wa kumsika. Atija anachita mantha enieni. Kukankha chinthu chochokera m'manja mwa aphunzitsi, mayi ake akuona! Mwina n'kutha kwa mpira, mwinanso kwa sukulu kumene.

"Tereshi!"

A Bernadete anauponya pamwamba kwambiri, mpira n'kulowa mu nkhungu. Panalibe chochita, kuti audziwe kumene uli anayenera kuufuna ndi maso. Atija anakweza chibwano. Kumwambako kunali koyera, kofewa, kopanda malire, ndipo madontho ang'onoang'ono ankamutera pa zikope. Anadabwa kuti zaka zonsezi anthu amayenda pansi pa zimenezi iye akuwerenga zala za kumapazi. Kenaka mpira unatulukira, ukutsika mosafulumira, ukutembenuka. Zala zake zinaupeza pamwamba pa mphumi, zinafewa pang'ono, n'kuubweza. Unakwera mowongoka pafupi ndi ukonde. Graça analumpha, phaa!

Atsikana anakuwa. Aphunzitsi anati, "Loweruka, naini koloko, usachedwe." Atija sanawamve bwino mawuwo, chifukwa mayi ake anali atayamba kale kuyenda.

Anawathamangira n'kuwapeza pa msewu wa dothi lofiira wotsikira kumsika. Anagwada m'mbali mwa njira, maso pa mapazi awo ong'ambika ndi chisanu.

"Amayi, ndalakwa. Koma a Pulofesola anati akundituma."

Mayi Mwanamisi anaima. Kenaka anatula dengu, chinthu chimene sankachita asanafike kumsika.

"Ndiye kuti nkhope yako ndi yotero?" anatero motsitsa mawu. "Wallahi, ndimayesa mwana wa eni. Ine zaka zonsezi ndakhala ndikuona liwombo lako lokha." Anakhosomola. "Kumpirako pita. Ukakankhe za anthu onsewo. Koma ukadzakankha mbale yanga udzandiona."

"Zikomo, amayi."

"Iwe. Tandiyang'ana."

Zimenezi zinali zovuta kuposa mpira. Atija anakweza mutu pang'onopang'ono, kudutsa nsalu, kudutsa mikanda ya m'khosi. Mayi ake anali ndi kachipsera pamwamba pa diso lamanzere, ndi maso aang'ono otopa, ofiirira, amene anali akunyowa. Anali asanadziwe kuti mayi ake ndi wamng'ono chonchi, mkazi amene mwina nayenso akanatha kulumpha. Anayang'anana pamsewupo, onse awiri akuchita manyazi, ndipo panalibe amene anafuna kuyamba kuwerama.