Ndevu za a Merv

A Merv Kroemer anasiya kumeta ndevu tsiku limene anadzicheka pakhosi. Silinali bala loti n'kupita nalo kuchipatala, koma magazi anayenderera mpaka pa kolala. Mkazi wawo, Glenys, anawapeza atakhala pa kampando m'bafa, lezala lili pansi, dzanja lamanja likungodzigwedezera pabondo ngati la munthu wina.

"Basi," anatero a Merv. "Zimere. Nazonso zione dziko."

Dokotala wa ku Port Augusta anali atawauza kale kuti kunjenjemera kwa manjako sikudzatha, mankhwala azingokuchepetsa. Glenys zinkamupweteka mumtima. Bambo amenewa moyo wawo wonse anadyera kumeta nkhosa. Anazungulira mafamu onse kuyambira kwawo ku Quorn mpaka kuseri kwa mapiri, ndipo nkhosa yodutsa m'manja mwawo inkatuluka yosalala ngati yasamba. Lero chibwano chawo chomwe chinali chitawakanika.

Mwana wawo wa ku Adelaide anatumiza kamakina kometera ka magetsi. A Merv anakayesa, khosi lonse linachita totupa tofiira, ndipo anakaponya mu dilowa. Glenys atanena kuti bwanji aziwameta iyeyo, anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe? Mmene umasendera mbatata muja, theka lonse kupita ndi makoko? Ndisiye ndife ndi makutu anga onse."

Anaseka onse awiri, koma Glenys anadziwa kuti nkhani si ya mbatata. A Merv anali atalola kale kumangiridwa mabatani ndi kuduliridwa nyama m'mbale. Za kunkhope zokha anakanitsitsa.

Ndevu zinamera, zotuwa, zolimba ngati waya. Linafika dzuwa la Januwale lija, pachimake pa chilimwe cha kumeneko, loti ngakhale akhwangwala amangoti kukamwa yasa pamthunzi, ndipo a Merv ankangokhalira kukanda. Msuzi unkatsalira m'ndevumo, ntchentche n'kumawalondola. Mlendo akagogoda, iwo ankanyamuka mwakachetechete n'kukalowa kuchipinda.

Tsiku lina Glenys ali m'sitolo ya Dulcie, anawerama kuti atenge mankhwala otsukira mano. Pa shelefu ya pansi penipeni anaona timasopo tometera tokulungidwa m'pepala lonyezimira, totalika ngati kandulo woduka pakati. Sankadziwa kuti timapangidwabe. Atangokwatirana kumene, a Merv ankameta ndi sopo wotere pakhonde, kagalasi atakakoloweka pamsomali, akuimba mluzu. Thovu lometera logula lopangiratu m'chitini linabwera pambuyo.

"Ameneyu ndi zingati?" anafunsa.

"Madola awiri." Dulcie anapukuta fumbi pa kasopoko ndi chala. "Buledi amamuposa mtengo. Ankagula ndi madala okhaokha, ndiye ambiri mwa iwo anasamukira kumanda. Bwanji, a Merv ayambiranso unyamata?"

"Ndikufuna ndiwanyengerere. Mwina akaona zakale angafewe."

"Amuna ako kufewa? Ukandiuze, ndidzatseke sitolo ndidzaonerere."

Burashi yakale ya a Merv yopakira sopo kumaso Glenys anakaipeza mu shedi yosungiramo zida, m'chitini cha zipeso zometera nkhosa. Ubweya wake unali utapindikira mbali imodzi, ukununkha girisi. Anaitsuka n'kuiyanika kuseri kwa nyumba kumene a Merv sankafikako.

M'mawa mwake, a Merv akumvera za nyengo pa wailesi, Glenys anakadzibisa m'kachipinda kochapira. Anafuna ayambe waphunzira yekha, asakachite manyazi pamaso pa mwini ndevu. Anamatula sopo uja. Fungo lake linali la sopo basi, ndi kamandimu kakutali. Anatsegula mpopi, ananyowetsa burashi, anaipaka pasopo, n'kuyamba kutakasa m'kapu yothoka chogwirira. Chimene chinatuluka ndi timadzi totuwa, pamwamba pake timathovu tikulutikulu ngati ta m'beseni lotsukira mbale. Atapaka pamkono tinangophulikaphulika, khungu n'kutsala lopanda kanthu. Anawonjezera sopo. Anawonjezera madzi. Phewa linachita kuwawa, thovu osaoneka.

Ali mkati molimbana, panja panaima galimoto. Anali Alby, mchimwene wake wamng'ono, atabweretsa mazira. Anasuzumira pakhomo la kachipindako.

"Achemwali, mukuphika chiyani m'kapu?"

"Wabwera bwino. Khala apa, utukule chibwano."

"Ine ndangobweretsa mazira!"

"Ndati khala."

Alby, bambo wa zidzukulu zake, anakhala pa ndowa yovundikira ngati mwana wopalamula. Glenys anamupaka timadzi tija m'masaya kuti aone ngati pandevu tingagwire. Tinatsetsereka ndi khosi mpaka m'malaya, tina n'kulowa m'kamwa. Alby analavula.

"Mayo ine! Munkandisambitsa ndili mwana, sopo tho m'maso, lero mwayambiranso? Alamu! Alamu, dzandilanditseni kuno!"

"Khala chete iwe, akumva!"

Anali atachedwa. A Merv anali ataima kale pakhomo, atagwirira chitseko. Anayang'ana Alby, anayang'ana kapu, kenako maso awo anakaima pa burashi ija. Glenys anaumitsa thupi, kudikira mkwiyo.

"Madziwo watunga pati?" anafunsa a Merv.

"Pampopi."

Anapukusa mutu ngati amva za maliro. "Madzi a pampopi pano, amene amasiya miyala mu ketulo? Ungatakase mpaka Khirisimasi. Pita ukatunge a mvula ku thanki. Uwafunditse, koma asawire."

Glenys anatuluka mothamanga, kuopa kuti angasinthe maganizo. Pobwera ndi ketulo anawapeza atasamukira pakhonde, a Merv pa mpando wawo, Alby pa sitepe akudonthabe.

"Viika burashi," analamula a Merv. "Isiye kaye imwe. Eya. Tsopano ikutumule. Ayi, ayi, osaifinya ngati chikolopa! Bweretsa kuno."

Anatambasula dzanja lonjenjemera lija. Glenys anazengereza. Miyezi yonseyi chilichonse chimene dzanjalo lagwira chinkatayika kapena kusweka, ndipo zikatero m'nyumba munkakhala zii tsiku lonse. Komabe anawapatsa.

A Merv anagwira sopo kumanzere n'kumayendetsa burashi pamutu pake mpaka ubweya unamatirira zoyera. Anapanira kapu pakati pa mawondo n'kuyamba kupakasa. Burashi inkagogoda m'mphepete mwa kapuyo, kho kho kho, koma burashi ilibe mano, sicheka munthu.

"Dontheza madzi. Pang'ono, ndi nsonga za zala."

Glenys anadontheza.

"Enanso."

Timathovu tikulutikulu tija tinayamba kuzimirira. M'malo mwake munabwera thovu lina loyera mbee, lokhuthala, lonyezimira ngati kirimu, ndipo linakwera mpaka kusefukira pa zala zawo. Atatukula burashi, thovulo linaima nsonga osagwa.

"Taonani!" anafuula Alby. "Alamu, dzanja limeneli likanakhala langa, bwenzi ndikugwira ntchito ku bekale, yopakasa mazira. Silitopa!"

Glenys anacheukira kwa a Merv. Chiyambireni matendawa panalibe amene anayerekeza kuseleula za dzanjalo. Koma a Merv anaseka, kuseka kwenikweni, mpaka kutsokomola.

"Mlamu, pakamwa pakopo m'pamene pakufunika mankhwala."

Anatapa thovu pang'ono n'kulifikisa pakati pa zala, kumvetsera kuterera kwake. Analinunkhiza.

"Wagula zingati?"

"Madola awiri."

"Sanakubere."

A Merv anayang'ananso m'kapumo. Glenys anamuponyera Alby diso loti asayerekeze kulankhula.

"Ndiye thovu lonseli litayike?" anatero a Merv potsiriza, maso ali pansi. "Katenge sizasi. Zatalika kwambiri, lezala silingalowe. Iwe mlamu, sendera uko. Ukatsegula pakamwa lezala lili pakhosi panga, ndikafa mlandu ndi wako."

Glenys anawafunditsa thaulo m'mapewa n'kuyamba kudula. Ndevu zotuwa zija zinkagwera pathaulo, kamphepo kotentha n'kumazikokolola kupita nazo kubwalo. Pomaliza anawaphimba kumaso ndi kansalu koviika m'madzi ofunda. Pofika nthawi imeneyo thovu la m'kapu linali litayamba kuphwa.

"Amauma msanga sopo wakoyu," anadandaula a Merv. Anadonthezamo madzi, anapakasanso, thovu n'kubwerera. Kupaka sanalole kuti awapake. Anadzipaka okha, atatsinzina, burashi ikuzungulira m'masaya, pachibwano, m'khosi. Thovu lina linalowa m'khutu, lina pamphuno, koma panalibe amene anathamangira kukawapukuta. Anapaka nthawi yaitali kuposa mmene zimafunikira, ndipo Glenys anawasiya.

Kenako inafika nthawi ya lezala. Glenys atayandikira anaona kuti mutu wa a Merv nawo ukugwedera pang'ono. Anakhudza tsaya ndi lezalalo, analichotsa, anakhudzanso, kungopalapasa thovu pamwamba.

"Ukundimeta kapena ukundisisita?" anafunsa a Merv. "Nkhosa ukaigwira mwamantha imadziwa, imayamba kuphupha. Zungulira kumbuyo. Tsamiritsa mutu wanga pamimba pako. Eya, choncho. Koka khungu ndi chala likungike, ndipo uzitsata kumene ndevu zagonera."

Glenys anachita zimene anauzidwa. Kunjenjemera kuja ankakumva tsopano m'thupi mwake, kukudutsa m'diresi. Sikunasiye, koma mutu unali utapeza potsamira. Anatsitsa lezala kuchokera pafupi ndi khutu. Linayenda mofewa pa thovu loterera lija, likulira kwee, n'kusiya kanjira koyera. Anatsuka m'beseni, anatsitsanso. Pofika tsaya lachiwiri anali atasiya kubanika mpweya.

Pachibwano m'pamene anaphonya. Kadontho kofiira kanatuluka n'kufalikira m'thovu. Glenys anaima.

"Pepani, bambo."

"Pitiriza. Ine nkhosa yanga yoyamba anachita kuisoka ndi singano."

Alby anatseka pakamwa ndi chipewa, mapewa akugwedera.

Atamaliza m'khosi, Glenys anakweza lezala kuti amete pamwamba pa mlomo. A Merv anamugwira mkono.

"Apo siya." Anatsitsa mawu kuti Alby asamve. "Mlomowu masiku ano wayamba kunjenjemera nawo. Ndevu za pamenepa zizibisa."

Glenys anali atazindikira kale zimenezo pa nthawi ya chakudya, koma sanazitchule. Anangoti, "Zikukhalani bwino," n'kuzilambula m'mphepete kuti zilingane.

Atawapukuta kumaso anabwerera m'mbuyo kuti awaone. Kumtunda nkhope inali yopsa ndi dzuwa monga mwa masiku onse, kumunsi yotuwa ngati nkhuku yosolola nthenga. Koma chimene chinamubaya ndi masaya. Anali atalowa mkati. Ndevu zija zinkabisa mmene bambowo anaondera, ngakhale kwa iye amene ankagona nawo chipinda chimodzi. Anatembenuka n'kumatsuka lezala m'beseni, lezala loti linali loyera kale.

Alby anakatenga kagalasi m'nyumba n'kuwagwirira. A Merv anadziyang'ana nthawi yaitali, akutembenuza mutu uku ndi uku.

"Ndakalamba," anatero.

Panalibe amene anawatsutsa. Alby, munthu wosasowa chonena, ulendo uno anangokhosomola n'kunena kuti agalu ake sanadye. Ponyamuka anawagwira a Merv paphewa, ndipo dzanja lake linakhalitsa pamenepo.

Kuyambira tsiku limenelo ankameta pakhonde kawiri pa sabata, thovu a Merv, lezala Glenys. Sikuti zonse zinkayenda. Analipo masiku amene thupi linkauma, zala n'kukana kugwira burashi. Tsiku lotero Glenys akati apakase yekha, a Merv ankakana, ndevu n'kudikira mpaka tsiku labwino. Poyamba zinkamukwiyitsa, kenako anazolowera. Anagulanso timasopo tina n'kutisunga m'kabati, kuopa kuti Dulcie angasiye kuoda.

Koma madzulo a tsiku loyambalo, kutentha kutayamba kuchepa, Glenys anawapeza a Merv ku thanki akutsuka burashi okha. Madzi anali atawanyowetsa buluku mpaka m'mawondo. Anafuna kuwalanda, n'kudziletsa.

"Uikoloweke chozondotsa," anatero a Merv pomupatsa. "Ukaiimika, madzi amalowa kutsinde, imawola."

"Chabwino."

"Ndipo pansi pa chibwano apa wasiya ndevu."

"Mwaziona bwanji poti galasi silifika pamenepo?"

"Ndazimva ndi chala. Zilipo zambiri ndithu."

"Ndiye mukadandaule kwa amene anandiphunzitsa," anatero Glenys. Anawagwira pachigongono, ndipo anayamba kubwerera kunyumba pang'onopang'ono.