Duku Lakuda la a Tionenji

A Saulos anasewera m'mafilimu a baisikopo zaka khumi ndi ziwiri, mafilimu aja ankabwera pagalimoto n'kuonetsedwa pachinsalu m'makomboni. Imvi zitadzaza mutu, anawatenga kuti azisewera ngati khukhi wokalamba m'sewero la pawailesi yakanema ku Halale. Lachitatu lililonse ankachoka papulazi ya fodya pafupi ndi Glendale, ndipo Lachinayi madzulo bwana wa pulaziyo ankalola anthu a m'komboni kuima pakhonde pake n'kuonera seweroli pawindo. Sewerolo linkaoneka nthawi yomweyo akulisewera. Cholakwika chinalibe pobwezera.

Sabata ina anabwerako ali duu. Akazi awo, a Tionenji, anamva chifukwa chake akutola nkhuni kuseri kwa balani, pamene amuna awo ankanong'onezana ndi a Bizwell, mkulu wa dambwe.

"Ndiye akufuna muvale chilombo, kenako muchivule anthu akuona?" anafunsa a Bizwell.

"Atero. Mzungu wolemba sewero anagula chigobacho kwa munthu wina ku Mvurwi. Akuti khukhi aopseze nacho wakuba, kenako avule, anthu aseke."

"Pakhonde paja pamaima amayi, a Saulos. Pamaima ana osameta. Mukaonetsa nkhope yanu, ng'oma sidzalira pamaliro anu. Kwathu n'kutali. Adzakuperekezani ndani?"

"Ndikakana aveka mnyamata wa m'tauni. Ameneyo avula osaganiza n'komwe."

A Tionenji anabwerera kunyumba nkhuni zili zochepa. Mkazi sayenera kudziwa kuti m'chilombo mumakhala munthu. Zaka makumi atatu anachapa malaya onunkha utsi wa kudambwe osafunsa kanthu, ndiye lero akanayamba ndi mawu ati? Masiku anayi anakhala akuyang'ana amuna awo akutafuna pang'onopang'ono ngati odwala mano.

Lachitatu m'mawa anawaperekeza kukadikira basi. Kunali matope, mvula inali itagwa dzulo lake. Basi itaonekera, a Tionenji anamasula duku lakuda kumutu kwawo.

"Tengani ili, bambo a Edina. Kumene mukupitako kuli fumbi. Mukakulunge nkhope yonse. N'lopyapyala, muziona ndithu."

"Fumbi m'dzinja, mayi?"

"La ku Halale silidziwa nyengo."

A Saulos analipinda n'kuliika m'thumba momwe munali fodya wawo wofwenkha, n'kukwera. A Tionenji sanadziwe ngati amva kapena angolandira mwaulemu.

Lachinayi pakhonde panadzaza dzuwa lisanalowe. A Bizwell anaima kumapeto, manja atapinda pachifuwa.

"Lero mutu uli pamtunda, asisi," anatero a Sharifa, oyandikana nawo nyumba. "Duku latengedwa ndi mphepo, kapena ndi chibwenzi?"

A Tionenji anayesa kuseka, maso ali pawindo.

Chithunzi chinanjenjemera kaye, kenako chinakhazikika. Wakuba analowa m'khitchini, n'kuyamba kulongedza masipuni. Chitseko chinatseguka, chilombo chinalowa chikugwedeza mapewa. Amayi pakhonde anabwerera m'mbuyo mwachizolowezi, wina anakokera mwana kuseri kwa chitenje. Wakuba anagwa chagada. M'nyumba bwana ndi dona anaseka.

Manja a chilombo anakwera kupita kuchibwano. A Tionenji anawadziwa manja amenewo, makamaka chala chopindika chija chinapanidwa ndi chitseko cha balani. Anayang'ana pansi, kenako anadzutsanso maso chifukwa kusaona kunali kowawa koposa. Zala zinagwira m'mphepete mwa chigoba, zinaima. Zinaima nthawi yaitali moti dona anafunsa ngati wailesi yawonongeka.

Chigoba chinakwera. Pansi pake panalibe mphuno, panalibe maso, panali mdima wokhawokha mpaka m'khosi. Mzungu yemwe ankasewera ngati mwini nyumba anayasama, mawu ake atamuthawa. Anayang'ana kumbali ngati wofuna thandizo. Mwadzidzidzi chithunzi chinasintha, panabwera mayi wotsatsa sopo.

Pakhonde a Bizwell anamasula manja, anatsokomola kamodzi, n'kutsika masitepe. A Sharifa anayang'ana mutu wa a Tionenji, kenako anayang'ana kumunda wa fodya.

A Saulos anafika Lachisanu masana, nsapato zili m'manja chifukwa cha matope. Anakhala pampando pakhomo.

"Andiuza kuti ndisapitekonso," anatero. "Akuti sabata yamawa alengeza kuti khukhi wabwerera kwawo ku Nyasalande."

"Wachita mwayi khukhiyo. Ife sitinapiteko chibwerereni."

A Saulos anaseka pang'ono, maso ali kumsewu wa basi. Kenako anatulutsa duku m'thumba, lili lopindidwa bwino, n'kulipereka ndi manja awiri.

"Fumbi linaliko?" anafunsa a Tionenji.

"Linaliko lambiri, mayi."

A Bizwell, podutsa kuchokera kumabalani, anavula chipewa.

"Madala, mawa kuli ng'oma kwa anzathu a Estevao. Musachedwe."

A Tionenji anachita ngati sanamve. Anatenga beseni n'kupita kumpopi kukachapa duku lawo.