Kulanda Mpira kwa Aphunzitsi

"Felton! Wawapatsiranji njira?" anakuwa Mable ali pakati pa bwalo, manja ali m'chiuno.

Mpira unali utalowa kale mu neti. A Killian, mphunzitsi wa masamu wa imvi mbuu, ankabwerera chothamanga kumbali ya timu yawo. Felton ndiye amayenera kuwatchinga. Koma atawaona akubwera anapatuka, mpaka anawerama pang'ono, monga ankachitira kwawo ku Dedza akakumana ndi munthu wamkulu panjira.

Linali Lachitatu masana, chaka cha 1981, mu holo ya masewera pa koleji ina kufupi ndi Barking, kudziko la Angerezi. Chikwangwani chomwe Felton anawerenga polembetsa chinati ligi ya basiketibolo ya pakolejipo ndi yongosangalatsa ophunzira. Linali bodza. Matimu ankalimbana ngati opambana alandira ng'ombe. Ophunzira uinjiniya ankathamanga m'mawa uliwonse mu chisanu. Ophunzira zamalamulo ankakangana ndi woyimbira pa wezulo iliyonse. Ndipo timu ya aphunzitsi, madoda omanga mabandeji m'maondo, inali isanagonjepo chaka chimenecho.

Felton sankaukonda mpirawo kwenikweni. Ankabwera chifukwa cha Mable, kaputeni wa timu yawo, mwana wa banja lomwe linathawa ku Malawi iye ali wakhanda. Lachitatu lokha ndi pomwe ankamuona pafupi, ndipo chinsinsi chimenechi sanauzepo munthu.

Pa nthawi yopuma anali atatsalira ndi mapointi khumi. Oswald, mnzawo wa ku Lusaka, anagwa pabenchi akuseka.

"Iwe mwana, uyopa chani? Mwina tikubweretsele mpando uwapatse ankale, na tiyi yomwe!"

"Ndi bambo aja," anatero Felton motsitsa mawu. "Ndingawalande bwanji chinthu m'manja? Komanso mayeso anga amachonga ndi iwo. Ndikalephera, basi, ndikwera ndege ya kumudzi."

"Pano si m'kalasi," anatero Mable. Chichewa chake anachiphunzira kukhitchini kwa amayi ake ku Edmonton, ndipo chinkatsimphina, koma akakwiya chinkawongoka. "Tikaluza lero tatuluka mu ligi. Pali mnyamata wamtali wa ku Cyprus amandipempha malo ako sabata iliyonse. Ukawapatsanso njira kamodzi kokha, Lachitatu usabwere."

Anatero akumuyang'ana m'maso. Felton anayang'ana nsapato zake.

Chigawo chachiwiri anayamba kuwatsatira a Killian ngati chithunzithunzi chawo. Poyamba ankati "pepani" akangowakhudza, kenako mpweya wopepesera unatha. Mdalayo ankagunda ndi phewa, ankaponda zala, sankamvera munthu chisoni. Oswald anagoletsa kawiri, Mable katatu. Itatsala mphindi imodzi, aphunzitsi ankatsogola ndi pointi imodzi yokha.

A Killian analandira mpira, nalunjika ku neti. Felton anamva miyendo yake ikufuna kupatuka yokha. Anaikaniza. Analumpha nawo limodzi, naumenya mpirawo ndi chikhatho chonse. Mdala uja anagwa chagada, magalasi ake n'kutsetsereka pansi mpaka kukhoma.

Wezulo sinalire. Oswald anatola mpira, naponyera Mable, Mable nauponya mu neti. Holo yonse inaphulika.

Anzake akukumbatirana, Felton anathamanga kukatola magalasi aja. Anawapereka ndi manja awiri, bondo limodzi lili pansi. A Killian anawalandira, namuyang'ana nthawi yaitali, kenako anatuluka atagwira chigongono.

M'mawa mwake anapeza kapepala m'bokosi lake la makalata. "Ubwere ku ofesi yanga Lolemba, 10 koloko. K."

Anakaonetsa Mable ku kantini. Mable anakawerenga kawiri.

"Si kanthu," anatero. Koma tiyi wake sanamumalize.

Loweruka ndi Lamlungu Felton sanatuluke m'chipinda chake. Ankayang'ana sitima za pa njanji ya District zikudutsa pawindo, n'kumadziona akutsika basi pa Dedza ndi sutikesi yopanda satifiketi. Anayeserera mawu opepesera, m'Chingerezi chaulemu kwambiri chomwe ankachidziwa.

Lolemba anagogoda mofatsa. A Killian anali kuseri kwa mulu wa mapepala, mkono uli mu bandeji.

"Bwana, ndabwera kudzapepesa. Kwathu mwana sa..."

"Khala pansi," anamudula. "Upepese, inde. Koma upepese za chigawo choyamba."

Felton anakhala pampando.

"Ndili ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu. Mkazi wanga Vera amandiuza tsiku lililonse kuti ndisiye mpira. Ine ndinamulonjeza kuti tsiku lomwe ophunzira adzayambe kundimvera chisoni, ndidzasiya. Lachitatu lija unandipatukira kasanu. Ndinawerenga. Pa nthawi yopuma ndinali nditaganiza kale zopatsa munthu nsapato zanga."

"Ayi bwana, sichinali chisoni. Unali ulemu."

"Tsopano ndikudziwa. Koma m'bwalo muja ulemu wake ndi umene unandipatsa pomaliza." Anakweza mkono wa bandeji uja akumwetulira. "Wandiwonjezera chaka china. Zikomo, Felton."

 Felton anafuna kuyankha, koma mawu onse omwe anakonza anali opepesa okhaokha.

"Mayeso ako ndachonga. Sunachite bwino funso lachinayi, ndipo chigongono changa sichikukhudzidwa. Ubwere Lachinayi tidzalionere limodzi."

"Zikomo kwambiri, bwana."

Atafika pakhomo, a Killian anamuitananso.

"Kaputeni wako uja ndi woopsa. Anandipeza Lachisanu ndikudya, n'kundiuza kuti analamula ndi iye, ndiye ngati pali chilango chipite kwa iye. Anaima pamenepo mpaka anandifotokozera mmene ana amaleredwera kwanu. Anati ndisakuuze." Anatsokomola, natola cholembera. "Ndiye sindinakuuze."

Kunja, kumapeto kwa khonde, Mable anaima pa bolodi la zidziwitso. Ankawerenga mwachidwi chachikulu chikalata cha kalabu ya osunga njuchi.

"Aa, Felton. Ndimangodutsa," anatero osatembenuka. "Zatha bwanji?"

"Akuti funso lachinayi ndinalakwa."

"Basi?"

"Basi."

Mable anatulutsa mpweya wautali, mapewa ake n'kutsika.

"Ndinakuuza kuti si kanthu. Anthu a kumudzi mantha."

"Unanenadi," anatero Felton. Anamuyang'ana, mtima ukugunda kuposa mmene unagundira m'bwalo. Mawu anafika pamilomo, koma anawabweza. Chinsinsi chomwe a Killian anamuululira chinali chokoma kuchisunga.

"Ukundiyang'ana chiyani?"

"Palibe. Ndimati ndifunse za mnyamata wa ku Cyprus uja."

"Ndamuuza kuti malo adzaza." Mable anakonza chikwama paphewa. "Lachitatu tili ndi mainjiniya. Amenewo alibe imvi, ndiye ndisamve pepani."

Anayamba kutsika masitepe. Atatsika atatu anaima.

"Ukubwera, kapena ukudikira kuti ndikupatse njira?"

Felton anatsika, ndipo anayenda pambali pake mpaka ku siteshoni.