Nkhululu za ku Yunivesite

Tisungeni anatsika minibasi pa Ligowe ndi mabokosi atatu apulasitiki obooledwa pamwamba, chikwama cha mafomu ndi ndowa ya ufa wotuwa. Unali mwezi wa Seputembala, dzuwa likuswa mtengo. Bambo ake, a Ezekiele, anabwera ndi njinga kudzamuchingamira. Atanyamula bokosi loyamba anamva zinthu zikukwanda m'kati.

"Muli chiyani muno?"

"Nkhululu, bambo. Zikwi ziwiri."

A Ezekiele anayang'ana uku ndi uku kuopa kuti wina wamva. Kutchalitchi anali atauza aliyense kuti mwana wawo akuchita digiri yachiwiri ya sayansi ya zakudya ku Lilongwe, ndipo anthu ankaganiza za soseji ndi mkaka wa m'mabotolo.

"Sukulu yonse ija ndiye yakathera pa nkhululu? Si zomwe unkakumba kuseri kwa khola uli mwana izi?"

"Izi ndi zoweta, bambo."

"Zoweta," anabwereza a Ezekiele, akumanga mabokosi pakaliyala ndi nkhope ya kumaliro.

Tisungeni anali ataziweta chaka chathunthu ndi miyezi iwiri. Ankazipatsa gaga ndi masamba a maungu, n'kumaziyeza pasikelo Lolemba lililonse. Anapeza kuti ufa wa nkhululuzo ndi womanga thupi ngati nyama, pomwe kuweta kwake sikufuna dambo, m'busa kapena madzi ambiri. Chotsala chinali kudziwa ngati anthu akumudzi angaulandire ufawo, kenako kusiyira gulu la amayi nkhululu zamoyozo kuti aziwete miyezi itatu iye akulemba mmene zikuswanirana.

Loweruka m'mawa anthu makumi anayi anasonkhana pabwalo la a Ezekiele. Tisungeni asanayambe anaitana azakhali ake, a Stelia, omwe anali atamuphikira zitumbuwa zosakaniza ndi ufa uja.

"Azakhali, nkhululu zili m'nyumbazo mundikonzere. Anthu akamaliza mafomu ndikufuna azione."

"Zonse?"

"Zonse, azakhali."

Iye ankatanthauza kuti andandalike mabokosi pakhonde. A Stelia anagwedeza mutu n'kulowa m'nyumba.

Mafomu anali atalembedwa ndi mphunzitsi womuyang'anira, a Dokotala Benedict Sambani, ndipo komiti ya kuyunivesite inawavomereza, moti sankayenera kusintha ngakhale liwu limodzi. Tisungeni anawerenga funso loyamba mokweza.

"Kodi munamvapo kuti tizilombo tina timadyedwa?"

A Jailosi, mlimi wa mbatatesi yemwe anakhala kutsogolo, anakweza dzanja. "Tizilombo take titi, mayi? Nsikidzi?"

"Monga nkhululu, ngumbi, ziwala."

"Aa, imeneyo ndi ndiwo. Lembani kuti za tizilombo sindinamvepo."

Funso lachiwiri linkafunsa kuti munthu akaganiza zodya tizilombo amanyansidwa pang'ono, kwambiri, kapena kwambiri zedi. Malo oti munthu anene kuti sanyansidwa panalibe. Anthu anakambirana, n'kugwirizana zosankha "pang'ono" kuti mwana wa a Ezekiele asalephere mayeso.

Kenako zitumbuwa zinazungulira. A Jailosi analuma, anatafuna nthawi yaitali, n'kuyang'ana m'kati mwa chitumbuwacho.

"Miyendo ili kuti?"

"Tinapera zonse, agogo. Ndi ufa."

"Mwapera nkhululu? Nanga tidziwa bwanji kuti si mphemvu?"

Mayi wina anati zikununkha ngati chakudya cha nkhuku za chizungu. Wina anamanga chake pansalu, ati akadyera kunyumba. Pa anthu makumi anayi, asanu okha ndi amene anati angagule ufawo, ndipo atatu mwa iwo anali achibale.

Tisungeni akusonkhanitsa mafomu, mphepo inabweretsa fungo lochokera kukhitchini. Anthu onse anatembenuka nthawi imodzi. A Stelia anatulukira ndi malichero awiri odzaza nkhululu zokazinga, zothothola mapiko, zonyezimira mafuta ndi mchere.

"Ndakonza, mwanawe. Zonenepa bwanji! Mumazipatsa chiyani?"

Nkhululu zimapezeka nthawi ya mvula, ndipo palibe pabwalopo yemwe anali ataziona mu Seputembala chibadwire. Mzere unapangika wokha. Amene ankanyansidwa pang'ono aja anatambasula manja onse awiri. A Jailosi anadzaza chipewa. A Ezekiele, omwe m'mawa wonse anakhala patali ngati mlendo, anabwerera kawiri. Theka la ola lisanathe, m'malichero munatsala timiyendo tokha.

Tisungeni anapita kuseri kwa nyumba, anakhala pamtondo n'kulira. Atapukuta misozi anaimbira a Dokotala Sambani n'kuwafotokozera zonse.

"Pepani kwambiri," anatero iwo. "Koma mafomu akuti chiyani?"

"Asanu mwa makumi anayi."

"Zotsatira ndi zimenezo."

"Koma adya zonse, adokotala. Zikwi ziwiri. Ndaona ndi maso anga."

"Anasainira kuti akudya?"

"Ayi."

"Ndiye sitingaziwerengere. Komiti idzafunsa umboni."

A Stelia anamupeza ali pomwepo, foni ili pamiyendo. Atamva zomwe zachitika anagwira pakamwa. Kenako anafunsa ngati timbale ta mchenga wonyowa tomwe tinali m'mabokosi tili ndi ntchito, chifukwa iwo sanatitaye. Mumchengamo ndi mmene nkhululu zinkaikira mazira. Patatha milungu iwiri, tiana tonga nyerere tinayamba kuyendayenda m'bokosi, ndipo a Stelia, pofuna kupepesa, anatisamala kuposa mmene ankasamalira nkhuku zawo.

Kafukufuku anachedwa ndi miyezi isanu, koma Tisungeni anakhoza. Nkhani ya malichero anailemba ndithu, ngakhale inakankhidwira kumasamba akumapeto komwe oyesa safikako. Kutsogolo kunalembedwa kuti anthu ambiri sanaulandire ufawo, choncho m'pofunika kuwaphunzitsa ubwino wodya tizilombo.

Bungwe lina linawerenga mawu amenewo n'kupeza thandizo la ndalama. Chaka chotsatira galimoto yoyera inafika pa Ligowe ndi zikwangwani, matisheti ndi alangizi awiri ochokera mumzinda, omwe anali asanalawepo nkhululu. Anamulemba ntchito Tisungeni yomasulira. Masiku atatu anaima kutsogolo kwa anthu akwawo n'kumawauza m'Chichewa kuti nkhululu si zoopsa, iwo akuomba m'manja mwaulemu. Masana anthuwo ankapatsidwa mpunga wa nkhuku.

A Stelia sanalowe nawo m'maphunzirowo, ati alibe nthawi. Tsopano anali ndi mabokosi asanu ndi awiri, ndipo Lachisanu lililonse ankatumiza ndowa yodzaza ku Lisungwi. Anakhala pageti la malo ophunzirirawo ndi beseni lawo la nkhululu, akugulitsa pakapu. Tsiku lomaliza mlangizi wamkulu anawapeza pamenepo, anawajambula chithunzi, n'kulemba m'lipoti kuti maphunziro ayamba kale kubala zipatso.