Doña Hermelinda ndi Wogulitsa Inshuwalansi

Okutobala akafika, bwalo la m'tauni ya Lares limadzaza matenti a makampani a inshuwalansi ya zachipatala, poti ndiyo nyengo imene opuma pa ntchito amaloledwa kusintha kampani. Chaka chatha nyengo ngati yomweyi, Wilfredo Cintrón anafika pakhonde pa Doña Hermelinda atanyamula ambulera wobiriwira, mphatso ya kampani yake. Anali mwana wa Nereida wa nyumba yoyandikana, ndipo anakulira m'khitchini mwa Hermelinda momwemo. Anadzanyengerera amuna a Hermelinda, Don Eusebio, kuti asiye kampani yawo yakale.

"Nanga dokotala wanga wa mtima uja?" anafunsa Eusebio.

"Kampani yathu imamulola, bambo. Ine ndingakunamizeni inu?"

Linali bodza. Dokotala amene kampaniyo inkalola anali kutali, mumzinda wa San Juan, ndipo kuti munthu amuone ankadikira miyezi. Eusebio anadikira, mapazi akutupa, Wilfredo osayankha foni. Eusebio anamwalira tsiku loonana ndi dokotalayo lisanakwane.

Hermelinda sanakalipe. Chaka chonse ankayankha moni wa mnyamatayo bwinobwino, mkwiyo ataukhalira ngati nkhuku pa mazira. Matenti atangoyamba kumangidwa, anatenga ndodo yake n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo. Ankafunsa aliyense za matenda ake ndi dokotala wake, kenako n'kuimbira zipatala kuti amve kampani imene amalandira ndi imene anaisiya. Atamaliza anaitana Wilfredo.

"Mwanangu, Lachinayi ubwere ku holo ya tchalitchi. Azibambo osewera domino ndi amayi a kwaya akufuna amve za kampani yako."

Wilfredo anabwera atatchena, atanyamula maambulera ndi timikate ta nyama. Holo inali yodzaza. Analankhula za magalasi aulere, mano atsopano, galimoto yodzakutengani pakhomo. Hermelinda anamusiya mpaka anthu atatsiriza kudya, ndiye anakweza dzanja.

"Don Casimiro apa ali ndi shuga. Dokotala wawo mumamulola?"

"Timamulola, amayi, musadandaule."

"Chabwino. Tiyeni timve tonse."

Anaimba foni kuchipatala, n'kukweza mawu ake kuti holo yonse imve. Mayi wolandira odwala anayankha mosazengereza kuti kampani imeneyo anasiyana nayo kalekale.

Casimiro, amene anaendetsa basi moyo wake wonse, anamenya tebulo. "Iwe mnyamata, ufuna undithamangitse ndikasewere domino ndi Eusebio?"

Ena anaseka, ena ayi. Hermelinda anafunsa za dokotala wa maso wa Doña Ramonita, n'kuimbanso. Yankho lomwelo. Wilfredo anapukuta thukuta.

"Amayi, zinthu zimasintha, ine amandiuza mochedwa..."

"Usandinene amayi. Tayang'ana anthuwa, uwauze zimene unauza amuna anga pakhonde langa, ukumwa khofi wanga."

 Wilfredo anayamba kulongedza, ndipo palibe amene anamuthandiza. Sabata isanathe, onse amene anawalembetsa chaka chatha anapita ku matenti ena, Hermelinda ali patsogolo, akuuza aliyense kampani imene ikulola dokotala wake.

Loweruka Nereida anaima pa mpanda, maso atatupa.

"Achemwali, mukanangomudzudzula kumbali. Ali ndi ana aang'ono."

"Amuchotsa ntchito?"

"Ayi, koma amusamutsa. Akuti kuno dzina lake laipa, azikagulitsa ku tauni ya Utuado."

Hermelinda anayang'ana mnzake wa zaka zonsezi, n'kudziwa kuti ubwenzi wawo wathera pamenepo. Anadzifufuza mumtima kuti mwina apezamo chisoni, koma sanachipeze. Analowa m'nyumba n'kuimbira Casimiro.

"Galimoto yanu ija ikuyendabe? Ndili ndi msuweni wanga ku Utuado, amaimba kwaya. Lolemba mundiperekeze."