Mufiriji ya a Yusuph

Loweruka lililonse tinkakwera phiri la Soche titabereka zikwama za njerwa, ife asanu amene mpingo wathu wa ku Chilobwe unatisankha kuti tipite ku Scotland kukagwira ntchito ya mishoni. Miyendo inalimba ndithu. Koma ine, namwino wa gululo, nkhawa yanga inali kuzizira. A Fletcher, mkulu wa mpingo, amavala majekete awiri mu Juni wa ku Blantyre konkuno. Nanga kumene madzi amaundana m'mapaipi akakhala bwanji?

Ndinapita kwa a Yusuph, a butchala ya ku Zingwangwa kumene ndimagula nyama, kukapempha kuti tizilowa m'chipinda chawo chozizira. Anandiyang'ana kaye, kenako anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Mphindi khumi basi, mayi. Ndipo mbuzi zanga musazikhudze."

Loweruka lotsatira tinalowa titavala masokosi awiriawiri, n'kuima pakati pa nyama zolendewera. Mano a a Fletcher anali gwedegwede. Phoebe wa kwaya anayambitsa nyimbo, tonse n'kumavina pamalo amodzi, nthunzi ili tolotolo kukamwa. Pofika sabata yachinayi tinkakhalamo mphindi makumi awiri popanda wodandaula.

Tsiku lomaliza a Yusuph anatidikira pakhomo ndi fulasiki ya tiyi wa jinja. Anavula chipewa chaubweya chimene amalowera nacho mufirijimo, n'kuwaveka a Fletcher.

"Azungu akakafunsa kuti kuzizira munakuzolowera kuti," anatero, "musakabise. Mukanene kuti kwa Msilamu, pakati pa mbuzi."